Chimbale choyamba cha The Meters mulibe woyimba, nanga anthu amachitamira chani?

Funso ili lachokera kwa mnyamata wina wa ku Zomba amene amaliza kiyibodi mu bandi ya kutchalitchi kwawo. Walemba kuti: "Akulu, mnzanga woliza besi wakhala akundikakamiza kuti ndimvere chimbale choyamba cha The Meters, akuti funk yonse sukulu yake ndi imeneyo. Ndachimvera kawiri pa foni koma sindikumva chachilendo. Mulibe woyimba, nyimbo iliyonse ndi kanthu kamodzi kobwerezabwereza, zikungomveka ngati bandi ikuyeserera podikira woyimba amene wachedwa. Kukoma kwake kuli pati?"

Achimwene mwachita bwino kufunsa mosabisa, chifukwa ambiri akamva kuti chimbale chakuti ndi chapamwamba amangogwedeza mutu chonsecho mumtima sichinawagwire olo pang'ono. Zina mwanenazi ndi zoona ndithu, woyimba mulibedi ndipo nyimbo zake zimabwerezadi. Koma ine chimbale chimenechi ndimachikonda kwambiri, ndaliza besi zaka zambiri ndipo mpaka lero ndikaona kuti manja anga ayamba kuchita phuma ndimabwerera komweko kukaziziritsa mtima, nde ndiloleni ndiyende nanu pang'onopang'ono.

Tiyambe ndi foniyo. Ngati munamvera pa kasipika ka foni ndiye kuti mwangomva theka. Kasipika kameneka mawu a pansi sikatulutsa, besi imasowa, ng'oma yaikulu ya kuphazi ija imangomveka ngati munthu akugogoda katoni, mumatsala ndi gitala ndi ogani basi pomwe nkhani yonse ya anthu amenewa ili pansipo. Pezani mahedifoni abwinoko, kapena tsiku la pulakatisi mufike msanga anzanu asanabwere mulumikize foniyo ku sipika yaikulu ya besi, mukweze mpaka muzimva mu mimba. Zonse ndikambe pansipa muzimvera chonchi.

Anthu ake ndi anayi okha, onse a ku New Orleans, mzinda wa kum'mwera kwa America ku Louisiana, m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi. Art Neville pa ogani, Leo Nocentelli pa gitala, George Porter Jr. pa besi, ndi Joseph Modeliste amene aliyense amangomuti Zigaboo pa ng'oma. Chimbalecho chinatuluka mu 1969 ku kampani ya Josie Records, dzina lake ndi la bandi lomwelo, muli nyimbo 12 ndipo zambiri ndi za mphindi zitatu kapena kucheperapo. Art ndi amene anali wamkulu, wobadwa mu 1937, ndipo kwawoko anali wodziwika kale chifukwa mu 1954 ali mnyamata anayimba Mardi Gras Mambo ndi gulu la The Hawketts, nyimbo yoti mpaka pano imalira chaka ndi chaka nthawi ya chikondwerero cha Mardi Gras ikafika. Enawo anali achichepere kwa iye, Nocentelli wa 1946, Porter wa 1947, Zigaboo wa 1948. Tangoganizani, woomba ng'oma amene anthu akhala akumuphunzira kwa zaka zoposa 50 anali ndi zaka 20 zokha chimbalechi chikutuluka.

Mwaonatu kuti Art mwiniwakeyo anali woyimba, mng'ono wake Aaron Neville ndi uja anagwedeza America ndi Tell It Like It Is mu 1966, nde musaganize kuti pakhomopo panalibe wa mawu. Poyamba gululi linali lokulirapo, ankalitcha Neville Sounds, Aaron ndi mng'ono wawo wina Cyril anali momwemo. Atapeza ntchito pa kalabu ina yotchedwa Ivanhoe mu msewu wa Bourbon Street malo ake anali ochepa, gulu linachepa, abale aja anatenga njira yawo ndipo anayiwa anatsala akuliza usiku ndi usiku kwa maola ambirimbiri. Kumeneko nkumene Allen Toussaint, katswiri wopeka ndi kukonza nyimbo wa mumzindamo, anawamva, ndipo iye ndi mnzake wa bizinesi Marshall Sehorn anawatenga kuti akhale bandi ya mu situdiyo, yolizira oyimba awo monga Lee Dorsey ndi Betty Harris.

Nde apa khutu lanu silinakunamizeni. Mwati zikumveka ngati bandi yodikira woyimba, eya, anthu amenewa ntchito yawo inalidi yokhala kumbuyo kwa woyimba. Ngakhale Cissy Strut imene, nyimbo yoyamba pa chimbalepo, Nocentelli anaipeka kuti izikhala yotsegulira akakwera pa siteji, chifukwa anali atatopa ndi nyimbo ina yotchedwa Hold It imene pafupifupi bandi iliyonse ya mumzindamo inkatsegulira. Kusiyana kwa ine ndi inu nkwakuti inu mukuyang'anabe pakhomo kuti woyimba alowa liti, ine ndinasiya kuyang'ana kumeneko nditazindikira kuti anthu anayi akumbuyowa akucheza okhaokha, ndipo macheza awo ndi okoma kuposa zimene woyimba akanabwera nazo.

Tiyeni titenge Cissy Strut yomweyo tiyiyang'ane pafupi. Imayamba ndi kamfuu kamodzi kotalika, mawu a munthu okhawo amene muwamve m'nyimboyi, kenako gitala ndi besi zimagwa limodzi zikuliza mzere umodzimodzi, kuchokera pamwamba kutsika pansi mu kiyi ya C, manotsi ochepa kwambiri oti inu pa kiyibodi muwapeza musanathe mphindi ziwiri. Zimene oyimba timati riff ndi zimenezi, kamzere kafupi kamene nyimbo yonse yatsamirapo. Kamzereka kakafika pansi, gitala yokha imayankha ndi timakodi (kodi ndi manotsi angapo olizidwa pamodzi) tiwiri titatu todula msanga, tswa tswa, ngati munthu wafunsa funso wina nkumuyankha mwachidule. Ndiye pakati pa funsolo ndi yankholo pali kamphako. Mverani kamphako kameneka. Palibe amene akukatseka, ogani siikuthiramo kodi yaitali, besi siikuthamangamo, amangokasiya kali pululu ndipo mkati mwakemo mumangomva ng'oma ikupuma. Akabwereza kangapo amasintha nkulowa kamzere kachiwiri kothinana pang'ono, kenako Art amapatsidwa mpata pa ogani pamwamba pa kodi imodzi yokha, nkubwereranso poyamba paja, basi nyimbo yatha. Liwiro lake ndi lapakatikati, la munthu woyenda monyadira mumsewu, mawu oti strut amatanthauza kayendedwe kotero, ndipo Cissy linali dzina la kavinidwe kena ka nthawi imeneyo.

Tsopano ibwerezeninso koma ulendo uno musamvere gitala konse, khutu lonse liike pa ng'oma. Yesani kuomba m'manja mwawerenga 1, 2, 3, 4. Mu nyimbo zambiri zimene timaliza ife, kaya ndi kutchalitchi kaya pa ukwati, snare, kang'oma kolira mokuthwa kaja, imagwa pa 2 ndi pa 4 mosaphonya ndipo hi-hat, timbale tiwiri tachitsulo tovundikirana tija, imangoyenda tsi tsi tsi tsi mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, munthu ukhoza kutsamira pamenepo nkugona. Zigaboo sakupatsani mpando umenewo. Hi-hat yake ndi yodukaduka, ikamenya apa imasiya apo, ng'oma ya kuphazi imalowa m'malo amene dzanja lasiya, snare ikagwa pamene mumayembekezera ulendo wina imakudikiritsani kaye nkugwa mochedwa pang'ono, ndipo chakumapeto kwa kuwerenga kuja amamenya kawiri motsatizana pha pha ngati akukankha nyimbo kuti igwere kutsogolo. Koyamba mumaona ngati munthuyu apunthwa pompano, koma sapunthwa, nthawi yake ili nganganga. Thupi lanu likamasaka pamene pali 1 ndi pamene phewa limayamba kugwedezeka lokha, chifukwa kugunda kumene iye sanamenye mukukumenya ndinu ndi thupi lanu. Kwa ine funk ya ku New Orleans ndi imeneyo basi.

Kalizidwe kameneka sanakatole m'mwamba, ndi ka mumsewu wa kwawo. New Orleans ndi mzinda umene kalekale akapolo ochokera ku Africa ankaloledwa kusonkhana Lamlungu pa bwalo lotchedwa Congo Square nkumaomba ng'oma ndi kuvina, pomwe m'madera ambiri a America ng'oma zinali zoletsedwa kwa akapolo. Pambuyo pake kunabwera mabandi a malipenga oyenda mumsewu, amene mpaka lero amaperekeza maliro, popita kumanda amaliza nyimbo zachisoni pang'onopang'ono, pobwerera amatembenuza nkuyamba zovinitsa, ndipo chikhamu cha anthu chimene chimatsatira pambuyo pa bandi chikuvina ndi maambulera ndi timipango m'manja amachitcha second line. Mu bandi yoyenda chonchi ng'oma yaikulu amanyamula munthu wina, snare munthu winanso, nde anthu awiriwa amacheza, wina akamenya wina amayankha, samenyera pamodzi ngati asilikali pa perete. Mwana wokulira kumeneko akakhala pa ng'oma za bandi amayesetsa kukhala anthu awiri aja nthawi imodzi, phazi likhale munthu wina manja akhale munthu wina. Zigaboo anakulira m'mapazi mwa akuluakulu ngati Earl Palmer ndi Smokey Johnson, ndi woliza piyano Professor Longhair amene dzanja lake lamanzere linali ngati ng'oma palokha. Inu amene munaonapo malipenga kapena mganda simungadabwe kwambiri, kunonso ng'oma ya bandi ya asilikali inagwera m'manja mwa anthu akumudzi nkuyamba kuyankhula chinenero china. Sindikunena kuti ndi gule mmodzi ayi, koma njira imene zinayendera ndi yofanana.

Anthu amakonda kuwafanizira ndi magulu awiri, ndipo kufanizirako kumathandiza. Loyamba ndi Booker T. & the M.G.'s a ku Memphis, aja a Green Onions ya mu 1962, nawonso anali anayi, ogani, gitala, besi, ng'oma, opanda woyimba, komanso anali bandi ya mu situdiyo ya Stax. Zida zofanana ndendende. Koma woomba ng'oma wawo Al Jackson Jr. amayenda mowongoka ngati njanji, wokoma kwambiri naye koma mumadziwa pamene phazi lake ligwere. Wachiwiri ndi James Brown, amene Cold Sweat yake ya mu 1967 ambiri amaitenga ngati poyambira funk, ndipo anzathu a ku Zambia anamuona ndi maso atabwera kudzayimba kwawo mu 1970. Kwa James Brown lamulo ndi loti aliyense agwe pa 1 mwamphamvu, bandi yaikulu, malipenga, iye kutsogolo akulamula ngati kapitawo. The Meters alibe kapitawo, alibe lipenga olo limodzi pa chimbale chimenechi, ndipo 1 wawo nthawi zina amangomulozera ndi chala osamuponda. Funk ya James Brown imakugwira pakhosi, ya The Meters imakukodola.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso. Tsiku lina tinali pa pulakatisi m'kachipinda kena ku Ndirande ndi anyamata amene ndinkawathandiza, ndinati lero tiphunzire Cissy Strut. Manotsi anawagwira msangamsanga, wa gitala anaseka kuti akulu izi nzosavuta. Titayamba kuliza zinangomveka phokoso lokhalokha. Wa kiyibodi dzanja lamanzere linali litakanikiza kodi osachotsa, lamanja likuthamanga pamwamba, wa ng'oma pakatha mizere iwiri iliyonse amagubuduza ng'oma zonse nkumaliza ndi mbale yachitsulo yaikulu ija phwaaa, wa gitala naye kamphako kaja akuthiramo timanotsi take. Ndinaimitsa. Ndinapita pa ng'oma nkumasula chitsulo chija ndi ng'oma zing'onozing'ono zapamwamba nkuziika panja pa chitseko, mnyamata anatsala ndi zitatu zokha, ya kuphazi, snare ndi hi-hat. Wa kiyibodi ndinamuuza kuti dzanja lamanzere aliike m'thumba la buluku, analiikadi. Tinayambanso. Ulendo woyamba zinali zozizira, aliyense akuchita manyazi ndi chete ameneyo, mumachita kuona nkhope zikuvutika ngati munthu amene wagwira mawu pakamwa. Ulendo wachinayi kapena wachisanu china chake chinagwira, wa ng'oma anatseka maso, khosi linayamba kuyenda, ndipo mayi wina amene ankachapa pa mpopi panjapo tinamuona pa windo akugwedeza m'chiuno manja ali mu beseni. Sitinawonjezere kanthu, tinangochotsa. Tinaliza kamzere kamodzi komweko mwina mphindi khumi osaima ndipo palibe amene anafuna kusiya.

Nde poti inu ndi wa kiyibodi, Art Neville ndi mphunzitsi wanu pa chimbalechi, ndipo phunziro lake ndi lowawa kwa ife amene tinakulira m'mabandi a kutchalitchi. Kwathu kuno wa kiyibodi ndi amene amanyamula zonse, amapereka kiyi, amatseka mipata yonse ndi mawu a zingwe aja, m'busa akamapemphera iye ali pansipansi, woyimba akapuma iye amadzaza. Sindikunyoza, ntchito imeneyo ili ndi malo ake ndipo inenso ndimaikonda. Koma Art, amene anali mkulu wa gulu, woti akanafuna akanadzaza paliponse, nthawi zambiri mumachita kumusaka. Amaponya kodi imodzi yaifupi pa ogani yake ya Hammond nkubweza manja, kudikira, kuponyanso ina pamalo amene simumayembekezera. Ogani amaisandutsa ng'oma. Akapatsidwa mpata woti aonetse luso sathamanga, amatenga timanotsi tochepa nkumatitembenuza, mawu ake okhuthala a kutchalitchi kwa anthu akuda a ku America akumveka bwinobwino. Mukamvera nyimbo imene anaitcha dzina lake, Art, ndi Sophisticated Cissy, tsatirani iye yekha ndipo muwerenge nthawi imene manja ake sakukhudza kiyibodi. Mudabwa.

Za besi ndikhoza kulemba mpaka mawa nde ndidzigwira. George Porter Jr. ndi Zigaboo ndi pachibale, anakulira limodzi, ndipo zimamveka. Porter samangotsata phazi la ng'oma ngati mmene ambiri tinaphunzitsidwira kuti ng'oma ikagunda nawe gunda. Pena amagwa nayo limodzi, pena amaisiya igunde yokha iye nkulowa pambuyo pake, ndiye awiriwo akaphatikizana mumamva ngati chida chimodzi chachikulu. Notsi yake ndi yonenepa koma yaifupi, amaidula ndi dzanja isanatalike. Mverani Cardova, imene ndi yotalikirapo pa chimbalechi, besi ndi imene ikutsogolera ndipo mzere wake ukhoza kuuyimba ndi pakamwa ngati nyimbo. Mnzanu woliza besi uja ndikudziwa kuti ndi imeneyi imene inamugwira. Nocentelli naye anakulira kumvera oliza gitala a jazz ngati Wes Montgomery, zala zake ndi zoyera, gitala yake ilibe zokometsera zambiri, youma, yakuthwa ngati lumo, ndipo akamakwapula makodi dzanja lake lamanja limakhala ngati hi-hat yachiwiri.

Mukaziika pamodzi mupeza kuti aliyense ali ndi kagawo kake kakang'ono, kosakwanira pakokha. Mukamvera besi yokha muona ngati yaperewera, ogani yokha ngati munthu waiwala nyimbo, koma zikalumikizana mano a uyu amalowa m'mipata ya uyo. Amene anaimapo pafupi ndi oomba ng'oma pa bwalo la gule akudziwa zimenezi, ng'oma iliyonse ili ndi mawu ake ndipo ikalowerera pa mawu a inzake gule amafa, wa mbalule ndi amene amayankhulana ndi mapazi a wovina pamene enawo agwira pansi osasuntha. Palibe amene amadandaula pa bwalo kuti ng'oma zikubwereza. Kubwerezako ndi kumene kumapatsa wovina pokhazikika. Nde funso lanu la kubwerezabwereza yankho langa ndi limenelo, nyimbo izi sizikupita kwinakwake ngati nyimbo ya mavesi ndi kolasi imene imakwera mpaka pachimake, zimazungulira pamalo amodzi, ndipo zosintha zake ndi zing'onozing'ono, kagunda kamodzi kamene Zigaboo wasuntha, kanotsi kamene Porter wawonjezera ulendo wachisanu nkukachotsanso ulendo wachisanu ndi chimodzi. Khutu likazolowera kuona tinthu timeneti simunenanso kuti akubwereza.

Ease Back ndi imene ine ndimaikonda kuposa zonse, kuposa ndi Cissy Strut yomwe. Ndi yodekha, aliyense akuliza ngati watsamira kumbuyo, kugunda kulikonse kumafika mochedwa kachidutswa kakang'ono koti simungakayeze koma mumakamva m'thupi. Kuliza mothamanga nkosavuta, mantha amabisala mu liwiro. Kuliza modekha chonchi osagwa, osathamangira kutsogolo, anthu anayi onse kuchedwa mofanana, pamafunika kukhulupirirana kwa anthu amene alizira limodzi mausiku osawerengeka, ndipo kompyuta imene timajambulira masiku ano ikangowongola kugunda kulikonse kuti kukhale pa mzere chinthu chimenechi chimafa nthawi yomweyo. Live Wire ndi yothamanga, pamenepo Nocentelli amamasuka. Here Comes the Meter Man chakumapeto kwake enawo amachoka nkumusiya Zigaboo yekha, mverani pamenepo kuti mumve anthu awiri a mumsewu aja ali mwa munthu mmodzi. Pali ina dzina lake 6V6 LA, 6V6 ndi dzina la kachubu kagalasi kamene kamakhala mkati mwa maampulifaya akale a gitala.

Sindikunamizani kuti chimbale chonse ndi golide. Chakumapeto mphamvu imatsikako. Stormy, imene anabwereka kwa gulu la Classics IV, ndi yokoma kumvera gitala yake koma bandi ina iliyonse yabwino ikanatha kuiliza, simumva New Orleans kwenikweni. Sing a Simple Song ya Sly and the Family Stone anailiza mwamphamvu ndithu koma ine ndimakondabe ya eni ake. Nyimbo zina ziwiri zitatu zapakati zimafanana moti ngakhale ine pena ndimasokoneza mayina ake. Ndipo kajambulidwe kake ndi ka 1969, kouma, kopanda zonyezimira, ngati mwazolowera nyimbo za masiku ano zodzaza mbali zonse poyamba muona ngati m'chipindamo mulibe katundu. Ine kuuma kumeneko ndimakukonda chifukwa kumandilola kumva chala chikukhudza chingwe, koma ndikumvetsa amene kumamutopetsa.

Ngati mutayesa zonsezi nkuona kuti mukufunabe mawu a munthu, palibe cholakwa, pitani pa Rejuvenation ya mu 1974, pamenepo akuyimba ndi pakamwa, muli malipenga ndi oyimba othandizira, ndipo ambiri amati ndi chimbale chawo chokhwima kwambiri. Mukhozanso kuwamva ali kumbuyo kwa Dr. John pa chimbale cha In the Right Place cha mu 1973. Koma dziwani kuti pansi pa zonsezo pali makina omwewa a anthu anayi, ndipo pa chimbale choyambachi ndi pamene mumawaona chivindikiro chitachotsedwa.

Anthu a nthawi imeneyo sanadikire woyimba. Sophisticated Cissy inalowa mu nyimbo khumi zapamwamba pa tchati cha R&B ku America, Cissy Strut inafika pa nambala 4 pa tchati chomwecho ndi pa nambala 23 pa tchati chachikulu cha Billboard, nyimbo yopanda mawu, ya anyamata oti kunja kwa mzinda wawo sankadziwika nkhope. Oyimba anzawo ndi amene anawamvetsa kwambiri, Paul McCartney anawaitana kukaliza pa phwando lake mu 1975, The Rolling Stones anawatenga kuti aziwatsegulira pa ulendo wa ku America chaka chomwecho ndi wa ku Ulaya mu 1976. Gululi linatha mu 1977, Art nkupita kukayamba The Neville Brothers ndi abale ake, koma hip hop itabwera anyamata okonza mabiti anayamba kudula tizidutswa ta ng'oma za Zigaboo nkumangirapo nyimbo zatsopano zambirimbiri, chifukwa mipata ija imene inu mukuti mukusowa woyimba ndi imene woyimba rap amafuna kuti alowemo. Mu 2011 Cissy Strut inalowetsedwa mu Grammy Hall of Fame, mndandanda wolemekeza nyimbo zakale zosaiwalika, mu 2018 gululo linalandira mphoto ya Grammy ya ntchito ya moyo wonse, ndipo Art anamwalira chaka chotsatira, mu 2019.

Nde chitani chonchi achimwene. Musamvere chimbale chonse ulendo umodzi ayi, tengani zitatu zokha, Cissy Strut, Cardova ndi Ease Back. Iliyonse muimvere kanayi pa sipika yabwino, ulendo woyamba ng'oma zokha, wachiwiri besi, wachitatu gitala, wachinayi ogani, ndipo muimirire, musakhale pansi. Kenako muitane mnzanu wa besi uja ndi wa ng'oma wanu Loweruka masana tchalitchi chili chopanda anthu, mugwirizane kamzere kamodzi mu C, inu dzanja lamanzere m'thumba, lamanja muziponya kodi imodzi yokha pakatha kuwerenga 1, 2, 3, 4 kawiri, ndipo muisunthe malo ake mpaka mupeze pamene ikupangitsa wa ng'oma kumwetulira. Mulize mphindi khumi osaima, wina akayamba kudzaza mipata muyambirenso. Mukatero mundilembere mundiuze kuti kodi yanuyo munaipeza pati, pambuyo pa 2 kapena 4 asanagwe.